Thobwa Limene aNambewe Sanalawe

Chadiza, chaka chino

Ana anga, mwandivutitsa kokwana kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye ndayamba. Za ubwana wanga musayembekezere, mulibe chachilendo. Ndinabadwa, ndinasewera pafumbi, ndinapita kusukulu, basi. Tsopano ndinapuma, ndikukhala pano pa boma ndi atate anu, tili ndi kamunda ka mtedza ndi nkhuku zosamva, ndipo mawondo okha ndiwo amandikumbutsa mitunda imene ndinayenda. Anthu akandiona kumsika amandiitanabe kuti asisita, ena mpaka kundigwira mkono pakati pa ogulitsa matimati kuti andifotokozere za m'mimba mwawo. Atate anu amandiseka kuti ndizinyamula benchi popita kumsikako. Ine sindidandaula. Unamwino unatidyetsa, unakuphunzitsani nonsenu, ndipo ndikagona ndimagonadi tulo. Ndinabadwitsa ana, ndinabaya katemera, ndinatsuka mabala amene ena ankathawa fungo lake, koma zimene ndikufuna muzidziwe ndi za matenda a m'mimba, ndi za banja lina la ku Zemba limene linatsala pang'ono kutha chifukwa cha kapu imodzi ya thobwa.

Pembamoyo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Malo anga oyamba anali kachipatala kakang'ono kudera la Pembamoyo. Ndinafika pa lole ya feteleza, nditakhala pamwamba pa matumba, sutikesi ili pamiyendo, yunifolomu yanga yoyera itasanduka yofiira ndi fumbi. Bwana wanga anali a Sakala, munthu wamtali wosakonda zolankhulalankhula, amene dera lonse linkawatchula kuti adokotala. Tsiku loyamba lomwelo kunabwera mayi wina wachikulire nati, "Mwana wanga, mtima ukundiwotcha." Ine kumva za mtima ndinathamangira makina oyezera magazi, n'kuyamba kumvetsera pachifuwa monga anatiphunzitsira kusukulu. A Sakala anangoima pakhomo akundiyang'ana. Kenako anati, "Mwawafunsa kuti aloze?" Ndinati ayi. Iwo anati, "Amayi, talozani pamene pakuwotchapo." Mayi aja anaika chala pamwamba pa mchombo, pamene nthiti zimakumana. Atatuluka, a Sakala anandiuza kuti, "Mabuku anu ali ndi mtima umodzi. Anthu a kuno ali nayo itatu. Wina ndi wopopa magazi, wina ndi wogaya chakudya, wina ndi wodandaula. Iwiri yomalizayi imagona chipinda chimodzi, wina akadzuka amadzutsa mnzake."

Nthawi imeneyo tinali ndi mankhwala oyera ngati mkaka, a m'chigubu chachikulu, amene ankaziziritsa chilungulira, kuwotcha kuja kokwera kukhosi. Anthu ankabwera ndi timabotolo tawo, ndipo ankawakhulupirira kuposa jakisoni. Koma mvula ikangolimba msewu unkaduka, chigubu chija n'kuuma, ife n'kutsala ndi manja okha. Ine ndinkapsa mtima, ndinkafuna kutseka chitseko ndi kupita kukakhala kunyumba, chifukwa kumuuza wodwala kuti mankhwala kulibe ndi chinthu chochititsa manyazi. A Sakala ankati, "Mankhwala atha, koma pakamwa ndi makutu sizinathe." Choncho tinkawakhazika anthu pansi n'kumawafunsa kuti amadya nthawi yanji, kaya amamwa mapilisi a mutu asanadye kanthu, kaya amasuta chingambwe, kaya akupita kuchimbudzi bwinobwino. Funso lomaliza linali lakuti, kodi kunyumba kuli bwanji? Pamenepo ndiye ena ankayamba kupukuta m'maso ndi chitenje. Wina mwamuna wake anapita ku migodi osabweranso, wina chimanga chatha m'nkhokwe Khirisimasi isanafike, wina sakulankhulana ndi mchemwali wake wa bere limodzi. Ambiri mwa iwo matenda analipodi, sitinkawanamiza kuti ndi maganizo okha. Koma ndinaona ndi maso anga kuti munthu akatula nkhawa, chakudya chimayamba kukhazikika.

A Sakala anali Mkatolika, ine wa mpingo wa makolo anga uja wa abusa ndi akulu a mpingo, ndipo tinkanyogodolana tsiku ndi tsiku. Ankati nyimbo zathu n'zazitali mwakuti wodwala angachire yekha tisanamalize vesi lomaliza. Koma pa chinthu chimodzi tinkagwirizana. Wodwala akapempha pemphero, tinkapemphera naye, kenako n'kumutumizabe ku boma ngati matenda akufuna ku boma. "Mulungu ndi amene anapanga matumbo," iwo ankatero, "ndiye sangakwiye kuti mwawatengera kwa woyeza." Ndinakhala nawo zaka zingapo, ndipo atapuma ntchito ndinalira ngati wamwalira munthu.

Zemba, zaka za m'ma 1990

Nditakwatiwa ndi atate anu, iwo anawatumiza kukaphunzitsa kudera la Zemba, inenso anandisamutsira komweko. Bwana wanga watsopano anali a Zulu, munthu waukhondo ndi wamalamulo, wosaba ngakhale thonje lopukutira bala. Koma anali ndi mawu awo amodzi: "Za kumudzi zisiyeni kumudzi." Ankaopa milandu ya ufiti kwambiri, ndipo sindikuwanena, chifukwa anaonapo anzawo akuthamangitsidwa pantchito chifukwa chololera kukokeredwa m'nkhani zotere.

Kutchalitchi ndinalowa m'gulu la amayi, ndipo m'menemo ndinadziwana ndi aNambewe, mayi wofatsa amene ankaimba motsitsa mawu ngati akuopa kusokoneza ena. Amuna awo anali a Mwale, mkamwini pamudzipo, mlimi wa thonje, ndipo kale ndiwo ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi. Anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Tione, amene anamwalira ndi malungo dzinja lina ine ndisanafike. Kuyambira pamenepo anthu analeka kuwaitana kuti atate ake a Tione poopa kuwatonkhola pabala, ndipo a Mwale analeka kutchalitchi, analeka kucheza, analeka ngakhale kukhala pamphasa nthawi ya chakudya. Ankalawirira kumunda m'mimba mulibe kanthu, mutu ukawawa n'kutafuna mapilisi a pagolosale ngati mtedza, pamwamba pake fodya.

Nthawi yotola thonje a Mwale anaitanitsa dima, ndiko kuti anansi abwere kudzathandiza ntchito, eni munda n'kuwaphikira. Inu ana a m'tauni mwina simudziwa, koma kwathu kuno wopereka chakumwa amayamba walawa yekha pamaso pa wolandira, kusonyeza kuti mulibe choipa. Sichinthu choganizira, dzanja limangochita lokha. Tsiku limenelo aNambewe anatunga thobwa, nagwada, napereka kapu kwa amuna awo osalawa. A Mwale anamwa. Madzulo ake anayamba kusanza ndi kubuula atagwira pamimba. Tsoka ilo, pa dima paja panali mlongo wa a Mwale, a Velina, a m'mudzi wa tsidya la dambo, mayi wa maso akuthwa ndi pakamwa posachedwa. Iwo anangonena mawu amodzi, "Sanalawe." Pofika Lamulungu dera lonse linali litamva kuti aNambewe anawadyetsa amuna awo mankhwala.

A Mwale anasiyiratu kudya chilichonse chochokera m'manja mwa akazi awo. Ankayenda ndi chimanga chokazinga m'thumba, n'kumakukuta okha kumunda. Tsiku lina anabwera kuchipatala, masaya atalowa, nati, "Asisita, mtima ukundiwotcha." Ndinawauza kuti aloze, ndipo analoza pomwe paja. Ndinawafunsa mafunso anga onse, ndinawadina pamimba iwo n'kudumpha, kenako ndinati, "A Mwale, izi zikuoneka ngati zilonda za m'mimba. Mapilisi amene mukutafunawa akukupalani mkati, fodya akuwonjezera, ndipo njala ndi chisoni zikuthirapo tsabola. Muyenera kudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, zofewa, ndipo mupite ku boma akakuyezeni." Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Zilonda? Wandicheka ndani mkatimo? Zimene anandidyetsa zija ndi zimene zikundidya." Nditafunsa kuti kunyumba kuli bwanji, ananyamula chipewa chawo n'kutuluka.

Sabata yomweyo aNambewe anandipeza pakhomo panga masana ndikusenda mtedza. Anakhala pansi n'kuyamba kusenda nawo mpaka lichero linatsala pang'ono kudzaza. Kenako anati, "Asisita, linali Lachisanu." Ine ndinati, "Nanga Lachisanu latani?" Iwo anati, "Ndimasala kudya. Chimwalirire mwana uja ndinalonjeza kwa Mulungu kuti Lachisanu lililonse sindidzaika kanthu m'kamwa kufikira dzuwa litalowa, mpaka amuna anga adzabwerere kwa Iye. Thobwa ndi chakudya. Ndikanalawa ndikanaswa lonjezo." Ine mtedza unandigwa m'manja. Ndinati, "Ndiye bwanji osangowauza? Nkhani yonseyi ithera pomwepo." Iwo anapukusa mutu. "Wosala kudya salengeza, tinaphunzitsidwa choncho. Ndikaulula, zisukuluka. Zaka zonsezi ndidzakhala nditavutikira pachabe. Ndakuuzani inu chifukwa ndinu a chipatala, ndiponso timapemphera limodzi. Lonjezani kuti simuuza munthu." Ndinalonjeza, ana anga. Namwino amasunga chinsinsi cha munthu, ndipo mayi amene uja analibenso wina womumvera m'dera lonselo.

Koma kukhala chete osachita kanthu sindinathe. Ndinawauza a Zulu kuti ndikufuna kupita kukamwa thobwa kwa aNambewe anthu akuona. Iwo anavula magalasi nati, "Mayi, mukadwala ngakhale chimfine mawa, mayi ameneyo amuwotchera nyumba. Mukapanda kudwala, adzati a chipatala akuikira kumbuyo mfiti. Za kumudzi zisiyeni kumudzi." Ndinawayankha kuti wodwala wanga akufa ndi njala pakhomo pamene pali chakudya, ndiye nkhaniyi yafika kale kuchipatala. Sanandiletse, anangoti zikavuta iwo sanamve.

Ndinapita Loweruka masana, nthawi imene amayi amakhala pamithunzi. Ndinakhala pakhonde la aNambewe n'kunena mokweza kuti, "Kodi pano alendo amangowayang'ana? Ludzu landipha." Anabweretsa thobwa, ndipo asanalifikitse pakamwa pawo ndinawalanda kapu n'kugugudiza yonse. Ndinapemphanso ina. Amayi onse pamithunzi paja ankandiyang'ana. A Mwale anali pansi pa mtengo wa mango akuonerera, ndipo a Velina, amene masiku amenewo sankachoka pamudzipo, anangoseka nati, "A chipatala ali ndi zodzitchinjirizira zawo. Komanso chokonzera mwamuna sichigwira mlendo." Apa ndiye ndikuuzeni zimene sindinauzepo munthu kupatula atate anu. Ndili chikhalire pakhondepo, m'mimba mwanga munayamba kubwadamuka. Ine wodziwa chilungamo chonse, wodziwa kuti m'kapumo munali chimera ndi madzi basi, thukuta linayamba kutsika, matumbo akupotokola. Mawu a a Zulu ankangozungulira m'mutu, akuti ukadwala amuwotchera nyumba. Ndinadziwa kuti ndikangofunsa njira ya kuchimbudzi pamudzipo, aNambewe atha. Ndinakhala ndikumwetulira, mumtima ndikuti Ambuye gwirani pamimbapa, mpaka ndinatsanzika mwaulemu. Njira yobwerera ndinayenda ngati wothawa njuchi, ndipo atate anu atandiona ndikudutsa nyumba kulunjika kuseri anaseka mpaka kugwetsa makope a ana a sukulu. Nditangofika pakhomo panga n'kupuma, zonse zinatha. Anali mantha okha. Kuchokera tsiku limenelo sindinamusekenso munthu wonena kuti anamudyetsa, chifukwa ndinadziwa kuti kupweteka kwake amakumvadi.

Zemba, chaka chomwecho, nyengo yotentha

Thobwa langa silinathandize kanthu. A Mwale anapitiriza kukukuta chimanga chawo ndi kutafuna mapilisi, ndipo ku boma anakana kupita. M'mawa wina ndikusesa pachipatala, a Zulu atapita kumsonkhano, aNambewe anafika akuthamanga, opanda mpango kumutu. Anati abale a amuna awo abwera ndi ngolo kuti awatengere kwa munthu wina wa kumapiri wodziwa kusanzitsa odyetsedwa, ndipo ankhoswe akuti ukwati uthere pomwepo. Ndinafunsa kuti odwalawo ali bwanji. Anati kuyambira dzulo chimbudzi chawo n'chakuda ngati makala, ndipo akaimirira akuchita chizungulire. Ndinataya tsache. Chimbudzi chakuda choncho ndi magazi, chilonda chayamba kukha mkati. Munthu wotero ukamumwetsa zosanzitsa, wamupha.

Tinapeza a Mwale atawagoneka kale m'ngolo pamphasa, ng'ombe zili m'goli. Ndinawatsegula chikope, mkati munali mbuu, zikhatho zoyera, mtima wopopa uja ukuthamanga. Ndinawauza abale aja mosabisa kuti munthuyu akutaya magazi, akamusanzitsa sabwerako wamoyo, ngoloyi itembenukire ku boma. Amuna aja anayang'anana, koma a Velina anaima patsogolo panga. Sindikufuna muwaone ngati munthu woipa. Anali mlongo wawo, anakula naye, ndipo ankamuona akutha tsiku ndi tsiku. Maso awo anali ofiira ndi kulira. Anati, "Asisita, inu mumayenda naye mayiyu. Tiuzeni chinthu chimodzi chokha. N'chifukwa chiyani sanalawe? Mukatiuza chomveka, ngoloyi ipita kumene mukufuna."

Yankho linali pakamwa panga penipeni. Mawu atatu okha akanakwana. Pa zaka zanga zonse za ntchito sindinaimepo pamalo ovuta ngati amenewo. Ndikanena, ndaswa lonjezo limene ndinapereka kwa munthu wondikhulupirira, ndamulanda chinthu chokhacho chimene chinkamuimiritsa chimwalirire mwana wake, ndipo palibe mayi wa ku Zemba amene akanadzandiuzanso zakukhosi. Ndikapanda kunena, munthu akukafera kumapiri. Ndinayang'ana aNambewe, iwo anayang'ana pansi. Ndinapempha kuti andidikire pang'ono, n'kukokera aNambewe kuseri kwa nkhokwe.

Ndinati, "Amayi, ine sindinena. Ndinalonjeza. Koma ndikufunseni, mawu aja munandiuza aja, akuti zisukuluka, munawatenga kuti?" Sindinadikire yankho. Ndinati, "Zosukuluka ndi za asing'anga. Ndiwo amati ukaulula, kapena ukadya chakuti, mankhwala atha mphamvu. Kodi Mulungu mwamuika m'gulu limenelo? Iye anamva pemphero lanu Lachisanu loyamba lomwe lija, ndipo palibe chimene chingamuiwalitse. Anatiphunzitsa kusala mobisa kuti tisamadzitame, osati kuti munthu afe ife titatseka pakamwa. Mwakhala mukusalira a Mwale amoyo. Akapita kumapiriko, Lachisanu likubwerali mudzasalira ndani?" Iwo anangotembenuka n'kutsamira nkhokwe ija. Ndinapsa mtima, ndisaname, ndinafuna kuwagwedeza mapewa. Koma ndinawasiya pomwepo n'kubwerera kungolo.

A Velina anati, "Nanga?" Ndinati, "Yankho lilipo, koma si langa." Iwo anauza woyendetsa ngolo kuti tiyeni. Ine ndinapita kutsogolo n'kugwira goli ndi manja awiri, pakati pa ng'ombe ziwirizo, ine amene ndimaopa ngakhale mbuzi ya nyanga. Ndinati ngoloyi ikapita kumapiri iyambe yaponda ine. Woyendetsa uja anakweza chikwapu m'mwamba n'kuchisiya momwemo, posadziwa kuti amvere ndani. Ndinkamva mpweya wa ng'ombe m'mikono, ndipo mumtima ndinali nditatsimikiza kuti chikwapu chikangotsika, ndiyankhula, zinazo ndikayankha kwa Mulungu.

Chisanatsike, aNambewe anatulukira kuseri kuja. Sanayang'ane a Velina kapena ankhoswe. Anapita kumbuyo kwa ngolo, nagwada pafumbi pafupi ndi mutu wa amuna awo, nati, "Atate ake a Tione." Dzina limenelo linali lisanamveke pamudzipo kwa zaka, ndipo a Mwale anatsegula maso. "Linali Lachisanu tsiku lija. Lachisanu sindidya, sindimwa. Ndinayamba sabata imene tinaika mwana uja. Ndimasalira inu, kuti mtima wanu ubwerere. Sindinakudyetseni kanthu. Ndinangoopa kuswa lonjezo." Kenako mayi wina woyandikana nawo nyumba anati, "Zoona. Lachisanu sitimuona akudya mayiyu, ngakhale pamaliro. Ife timayesa n'chisoni." Wina anavomereza kuti nayenso anaonapo. A Mwale anayang'ana akazi awo nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'makutu poti anali chagada. Kenako ananena motsitsa, koma tonse tinamva, "Ku boma."

A Velina sanapepese, ndipo sindinayembekezere kuti angatero. Anangonyamula kamtolo ka zovala n'kuyamba kutsatira ngolo, aNambewe mbali iyi, iwo mbali iyo, ine pakati ndi ambulera kutchingira wodwala dzuwa. Titafika pamsewu waukulu tinapeza galimoto ya ogula thonje imene inatifikitsa ku Chadiza, ndipo kumeneko anawatumiza a Mwale ku Chipata kukawonjezera magazi. Ndinamva kuti kuchipatalako azimayi awiriwa ankagona pansi pa bedi limodzi, akusinthana kuphika phala. Nditabwerera, a Zulu anamva nkhani yonse, kenako anangoti, "Tsiku lina ng'ombe zidzakupondani." Madzulo ake anatumiza nkhuku kunyumba kwathu, osanena kuti ndi ya chiyani.

Zemba, mvula yoyamba itagwa

A Mwale anabwerako ataonda ngati bango, koma amoyo. Anawapatsa mankhwala omwa masabata angapo, ndipo masiku ano madokotala amatiuza kuti zilonda zambiri zotere zimayamba ndi kachilombo kamene kamafa ndi mankhwala, choncho inu mukamva kuwotcha kosatha musamangopirira, pitani akakuyezeni. Mapilisi a pagolosale anawasiya. Fodya ndiye tinalimbana, ankandibisira kuseri kwa khola ngati mwana wa sukulu. Kutchalitchi sanabwerere msanga. Anadzayamba chaka chinzake, kukhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo kuyambitsa nyimbo sanayambirenso mpaka ine kuchoka ku Zemba. Koma anayamba kutchula dzina la mwana wawo, n'kumafotokoza mmene ankathamangitsira nkhuku ndi mthiko, ndipo ndinaona kuti pamene ankalankhula za iye m'pamenenso chakudya chinkalowa.

Tsiku limene ndimalikumbuka kwambiri ndi lina, atangobwerako kumene. Ndinapita kukawaona masana, mvula itangokata, ndipo ndinawapeza atakhala pakhonde atafunda bulangeti. Chibwerereni ku Chipata, aNambewe ankalawa chilichonse pamaso pa amuna awo, phala, madzi, ngakhale nthochi, ngati munthu amene akuzengedwabe mlandu. Nawonso anali ataonda, ndipo ndinkawaona akudzisisita pamwamba pa mchombo akaganiza kuti palibe akuwaona. Anatuluka m'nyumba ndi thobwa la tsiku lomwelo, losasasa, nagwada. Anaima kaye pang'ono akuyang'ana kapu ija, ndipo m'pamene ndinakumbukira kuti linali Lachisanu. Anatseka maso n'kuyamba kuikweza kukamwa.

A Mwale anatulutsa dzanja m'bulangeti n'kuwagwira pamkono. "Lero n'Lachisanu," anatero. "Bweretsani." Analandira kapu yosalawa ija n'kumwa pang'onopang'ono mpaka pakati. Kenako anapukuta m'mphepete mwake ndi chala, naibweza kwa akazi awo ndi manja awiri.

"Amake Tione, kwatsalaku imwani. Mwandisalira kokwana."

ANambewe anayang'ana dzuwa, linali likadali pamutu. Anayang'ana ine, ine n'kuyang'ana kumbali. Kenako anakhala pansi pafupi ndi amuna awo, namwa.